Zipsera za m'manja mwa amayi

Ndinaganiza zopita ku Doha chaka chimene amayi anayamba kuiwala mayina athu. Tinagwirizana ndi achemwali anga aakulu, a Nasibeko, kuti ine ndizitumiza ndalama, iwo aziwasamalira ku Mponela.

Ntchito ndinaipeza kunyumba yosungira okalamba ku Al Duhail. Tinkagona asanu m'chipinda chimodzi ku Al Mansoura, koma ndinkasungulumwa koopsa. Nesi wamkulu anali mayi wosaseka ndi munthu. Gogo aliyense anali ndi care plan yake: omusambitsa akhale awiri, amaopa ndani, amalusa nthawi yanji. Panalinso pepala lojambulapo thupi, ukaona bala uchonge pomwepo.

Tsiku lina ndinaona mizere ya zipsera m'manja mwa gogo wina wosalankhula. Ndinazengereza kulemba, poti kwathu mnzako wa pantchito sumuyalutsa.

"Yalla, fulumira, lemba," anatero nesiyo. "Iyeyu adzinenera bwanji?"

Zinapezeka kuti wantchito wa shift ina ankamumangirira pampando, ndipo ntchito inamuthera pomwepo. Kuyambira apo maso anga anali akuthwa, sindinama.

Pafoni ndikafunsa za amayi, achemwali ankangoti, "Ali bwino, akudya." Ine n'kumakhulupirira.

Nditabwera kutchuthi patatha zaka zitatu, ndinati ndiwasambitse ndekha. Nditawavula juzi, ndinaona mizere ngati yomwe ija m'manja monse muwiri. Mtima unandiwawa kwambiri.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

"Ndimawamangirira ndi chitenje pamtengo wa mango ndikamapita kumunda. Kawiri konse anawapeza kumsika, ana akuwagenda kuti ndi mfiti. Umafuna nditani? Iwe unali kuti?"

Ku Doha womanga uja ankaweruka n'kukagona. Achemwali anali okha usana ndi usiku, ndipo tonse tinkangowayamikira pafoni kuti ndi olimba mtima.

Ntchito yanga ndimaidziwa. Ndinang'amba pepala m'kope, n'kuyenda khomo ndi khomo: alamu, amalume, amayi a mvano. Aliyense anasankha tsiku lokhala ndi amayi. Pamwamba ndinalemba kuti kumanga kwatha, pansi kuti Lachitatu ndi Loweruka a Nasibeko azipuma.

Achemwali anawerenga, n'kuloza malo opanda dzina.

"Nanga Lolemba akhala ndi ndani?"

Tikiti yobwerera ku Doha inali m'chikwama. Ndinatenga cholembera n'kulembapo dzina langa.