Mphindi Yathunthu pa Chifuwa cha Mwana

Ntchito ya pa kakiliniki ka kumidzi ya ku Chikomeni sindinaifune ine. Anandipezera ndi azakhali anga, atatopa kundiona nditakhala pakhonde ku Lundazi tsiku lonse ngati thumba la chimanga. Ndinali nditalephera mayeso a laisensi ya unamwino. Pepala lolemba ndinakhoza, koma mayeso ochita ndi manja anandigwetsa. Sindinalire. Ndinkadya, kugona, kudzuka, osamva kalikonse. Atate anali atanena kale kuti ndikalepheranso ndibwerere kumudzi ndikasoke fodya, ndipo ngakhale zimenezo sizinandiwawe.

Wopanda laisensi sagwira jakisoni. Yanga inali sikelo, themometa, makadi a ana, ndi kuwerenga kapumidwe. Woyang'anira anali a Sisita Nyirenda, mayi wachikulire wosaseka wamba.

"Anakugwetsela pati?" anandifunsa tsiku loyamba.

Ndinawauza. Powerenga kapumidwe ka wodwala ndinawerenga masekondi khumi ndi asanu okha n'kuchulukitsa kanayi. Ndi mmene tinkachitira tonse m'mawodi tili pasukulu, mzere ukatalika. Woyesa anangolemba kena kake papepala, basi zanga zinathera pomwepo.

A Sisita sanandipepese. Anamasula wotchi yawo ya pachifuwa n'kuimanga pa malaya anga. "Pano uziwelenga mphindi yonse. Munthu aliyense."

Abale, mphindi ndi yaitali! Mzere wa azimayi unkafika kumtengo wa mango, akudandaula m'Chitumbuka, "Uyu wakuchedwa chomene!" Ine maso pa wotchi basi. Sindinkakhulupirira kuti n'zothandiza. Ndinkangochita chifukwa mayeso anali kubwera. Masana anthu akatha, a Sisita ankakulunga thaulo ngati khanda, ine n'kumabwereza zonse mokweza mawu: kusamba m'manja, kupereka moni, kufotokoza, kuwerenga, kulemba.

Tsiku lina la sikelo, m'nyengo yozizira, a Sisita anali m'chipinda chochilira ndi mayi wapakati. Mzere wonse unali wanga. Anafika mayi wina, a NyaZimba, atapalasa njinga kuchokera kutali, ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri wotsokomola. Mwanayo anali phee pamiyendo pa mayi ake. Ndinamuvula kamalaya n'kuyamba kuwerenga.

Masekondi khumi ndi asanu atakwana ndinali pa khumi ndi chimodzi. Kuchulukitsa kanayi, makumi anayi ndi zinayi. Kwa mwana wa msinkhu umenewo, chosafika makumi asanu sichidetsa nkhawa. Dzanja langa linali litayamba kale kupita ku bolopeni. Chimene chinandiletsa ndi chizolowezi chabe chomaliza mphindi yonse.

Kenaka kachifuwa kanayamba kuthamanga. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati akamakoka mpweya. Mphindi itatha ndinali pa makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinagogoda kuchipinda chochilira. A Sisita anatuluka, nawerenga okha. Chinali chibayo. Anampatsa mankhwala oyamba n'kulemba kalata yomutumiza kuboma. Akusamba m'manja anati, osandiyang'ana n'komwe, "Ukanachulukitsa kanayi, uyu akanapita kunyumba ngati wachimfine."

Ndinachita mantha, mantha enieni, ndipo chinali chinthu choyamba kuchimva patapita miyezi yambiri. Ndinabwerera pampando, popeza mzere unali ukadalipo.

Mayeso obwereza ndinakalembera ku Chipata, komwe ndinapita pa minibasi. Nthawi yowerenga kapumidwe itafika, woyesa anayang'ana wotchi yake kawiri. Ndinamusiya ayang'ane. Zotsatira zinandipeza pafoni ndikupukuta themometa. Ndinakhoza. Sindinalulute, ndinangomaliza kupukuta. Nditapita kukabweza wotchi, a Sisita anandikankha dzanja. "Sunga. Ntchito yake siinathe."

Ndikadali nayo mpaka lero, ndipo sindichulukitsa kanthu pa chifuwa cha munthu.

Sabata yanga yomaliza pakilinikipo, mzere unayambanso kung'ung'udza monga mwa masiku onse. Ndili mkati mowerenga ndinamva mayi wina akukalipira anzake kumbuyo. Sindinachotse maso pa wotchi mpaka mphindi itatha. Anali a NyaZimba, mwana uja ali kumsana, akutafuna nsonga ya chitenje.

"Mulekani wapende," anatero. Musiyeni awerenge.