Hatchi Imene Atelala Anawongola

Atelala anali munthu wosapirira chinthu chokhota. Kolala ya kasitomala, chithunzi cha pakhoma, tayi ya mlendo pa ukwati wa eni, dzanja linkangopita lokha kukawongola. Akazi awo ankati tsiku lina adzawongola chipewa cha wapolisi n'kukagona m'chitokosi.

Kuseri kwa makina awo osokera kunkakhala bolodi ya tchesi. Kwa zaka makumi awiri, ntchito ikachepa, ankakonza njira yawoyawo yoyambira masewero, mayendedwe khumi ndi awiri oyamba. Anzawo apakhonde ankagwa nayo chagada, koma kugwetsa anzako apakhonde si umboni. Iwo ankafuna kudziwa chimodzi chokha: kodi njirayo ingaime pamaso pa katswiri weniweni? Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ulusi ukukana kulowa pasingano. Mpikisano wa chaka chimenecho unali wawo womaliza.

Anawaika ndi mayi wina amene onse ankamutcha Lumo, yemwe anali asanagonjepo kwa zaka zitatu. Muholo munali zii. Atelala anakankha msilikali, Lumo anayankha. Kachiwiri, kachitatu, zonse monga ankazilotera. Kenaka anaona hatchi yawo itakhala mokhota. Dzanja linapita.

Lamulo la tchesi silinyengerera munthu: ukagwira kanthu usananene kuti ukungowongola, uyenera kukasuntha. Woyang'anira mpikisano anangoloza hatchiyo. Atelala anaisuntha, njira yonse n'kuthera pa zala ziwiri.

Koma abale, mmene analimbira mkulu ameneyu! Maola anayi akuzemba misampha, mpaka osewera ena anasiya mabolodi awo n'kudzawazungulira, kukamwa kuli yasa. Pomaliza Atelala anagonja ndithu.

Lumo sanadzuke. Anabwezera zonse m'malo mwake nati, "Bambo, hatchi ija simunafune kuisuntha. Tandionetsani zimene munabwera nazo."

Anayambiranso, popanda wotchi, popanda wolemba. Atafika pa kuyenda kwa khumi ndi chiwiri, Lumo anagwira chibwano. Anayang'ana bolodiyo theka la ola, anthu akuopa ndi kutsokomola komwe. Kenaka anagoneka mfumu yake pansi, kusonyeza kuti wagonja.

"Mukanandimaliza," anatero motsitsa mawu. "Mwaitenga m'buku lanji imeneyi?"

"Palibe buku, mayi. Ndi yanga."

Chikho chinapita kwa Lumo. Atelala anavula magalasi, ndipo misozi inatsika anthu onse akuona.