Atate a Malume Anabadwira Kutsidya

Chitini cha mafuta ophikira chija ndimachikumbukira mpaka lero. Malume anachiboola pamwamba ndi chikwanje, nkukhala bokosi la mavoti la kalabu yathu ya alimi ku Zemba. Mukaponyamo kapepala, dzanja limatuluka likununkha mafuta akale. Zipani zambiri zinali zitangobwera, ndipo aliyense ankafuna kuvota, ngakhale posankha wosunga kiyi wa shedi.

Malume anali atcheyamani a kalabuyo. Amuna aatali, a mawu ngati bingu. Akatsokomola pa shedi, mbuzi zimadzuka. Feteleza akafika kuchokera kuboma, ankagawa mothamanga, osafunsa kuti uli chipani chanji. "Chimanga sichidziwa chipani," ankatero. Mawu amenewa ndi amene anawapweteka.

Inali nyengo yozizira, titakumba mtedza, milomo itang'ambika ndi mphepo. Tsiku losankhanso komiti kunabwera galimoto ndi amuna ovala malaya a chipani cholamula. Mmodzi wa iwo, wonenepa, anati wailesi yalengeza lamulo latsopano: munthu amene kholo lake linabadwira kunja kwa dziko asaime pachisankho. Atate a malume anabadwira kutsidya, kwa Apwitikizi, kumene ife tinkapita wapansi kukagula nkhuku.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma mutu ndili nawo, ndipo ndikunena pano osaopa munthu: lamulo lija linali la ofuna upulezidenti, osati la kalabu ya feteleza. Aphunzitsi athu analipo, ankadziwa zimenezi, koma anangoyang'ana nsapato zawo. Ntchito yawo inali ya boma.

Amayi anga ndiwo anaimirira, mwana ali kumbuyo. "Kuyambira liti Mchewa afunsidwa za atate ake? Atate athu anali mkamwini, anangobwera kudzakwatira. Mlongo wangayu ndi wa kwa amake, ndipo mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nkhokwe iyo. Kakumbeni ngati mukufuna."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Wonenepa uja naye anaseka, kenaka nkunena kuti, "Amayi, za mchombo kazinenani kumudzi. Boma limawerenga makolo onse awiri."

Chisankho sanachiletse ayi. Apa ndi pamene panali nzeru zawo. Anthu anaima pamzere bwinobwino, kuvota, aphunzitsi nkuwerenga poyera. Kungoti dzina linali limodzi, la mlamu wake wa wonenepa uja. Wina aliyense amene akanaima anali ndi kholo kapena gogo wakutsidya, nanga kuno kumalire ndani alibe? Ena anachita mantha okha asanafunsidwe.

Dzinja limenelo feteleza analandira okhala ndi khadi la chipani. Chimanga chathu chinachita chikasu chili m'mawondo. Amayi ankapalira, khasu likulira pamiyala.

Malume sanamangidwe, sanamenyedwe. Ankapitabe kutchalitchi, ankapitabe kumaliro. Koma anayamba kuyankhula motsitsa, ndipo nkhani ikafika pa za boma ankayamba ayang'ana kumsewu. Ine ndinali mwana. Ndinkangoti chimfine cha mwezi wozizira chawagwira pakhosi, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawathyolera mandimu, nkumadabwa kuti chimfine chanji chosamva mandimu mpaka mvula kugwa.