Jekete Yofiira Inapita ku Chikwawa

Amuna anga sankagula chinthu pamtengo woyamba. Ngakhale tomato wa pamsika wa mu Leicester ankamuyang'ana ngati wawalakwira. Choncho atalengeza kuti nyengo yozizira ikafika tipita ku Iceland, ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Munthu wa ku Chikwawa, wokulira m'dzuwa lowotcha mapazi, ati akufuna kukaona chisanu kwawo kwa chisanu.

Anayambitsa ndi mwana wathu wamkazi. Kusukulu anaphunzira za chilumbacho, kuti kuli mapiri olavula moto, madzi otentha otumphuka pansi, ndi kuwala kobiriwira kumene kumaoneka kumwamba m'miyezi yozizira. Bambo ake anamulonjeza kuti akaziona ndi maso ake. Tinali tisanapiteko kulikonse kokangoyenda. Tchuthi chathu tinkachisungira maliro ndi maukwati akumudzi, monga amachitira anzathu ambiri kuno.

Ulendowo anaugwira ngati ntchito yachiwiri. Akaweruka kuntchito kwawo kosungira katundu ku Corby, ankakhala pakompyuta kusaka ndege yotchipa. Anapeza kuti ya pakati pa sabata ndiyo yabwino, kuti kanyumba kokhala ndi khitchini kaposa hotela, ndiponso kuti chakudya n'chodula kumeneko moti mpunga ndi nyemba tidzanyamule m'sutikesi. Zovala anazitolera m'mashopu a kaunjika ku Wigston. Yawo inali jekete yofiira, yonenepa ngati matiresi, ya ubweya kuchipewa. Ankaivala pabalaza n'kumayendayenda, ana n'kumafa nacho chiseko. Matikiti okha sanagule. Tsiku lililonse ankati tidikire kaye, mtengo ukhoza kutsikabe.

Anamwalira mu Seputembala. Anagwa ali kuntchito, mtima unangoima.

Za masabata otsatirawo ndimakumbukira zochepa. Ine ndine namwino, ndipo imfa ya amuna anga ndinaigwira ngati shifiti. Ndinkayankha mafoni, kuthokoza anthu, kuwaonetsa kumene kuli makapu. Misozi sinabwere. Amayi akutchalitchi anadzaza nyumba, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndipo iwo ndiwo analongedza zovala za malemu kuti zikagawidwe kwa abale kumudzi monga mwa mwambo. Anati ine ndisagwire kanthu. Anasesa wadirobu yonse, ndipo jekete yofiira inapita limodzi ndi masuti. Palibe anadzifunsa kuti ku Chikwawa ikagwira ntchito yanji.

Titabwerako koika maliro ndinabwerera kuntchito. Chakudya sichinkakoma, sichinkaipanso. Basi yanga inkadutsa pa Belgrave Road nyale za chikondwerero cha Diwali zili phuliphuli, ine n'kumaziona ngati ndikuona khoma.

M'mawa wina tikumwa tiyi, mwana wamkazi uja anafunsa m'Chingerezi chake, maso ali m'kapu. "Mum, are we still going?" Mlongo wake wamng'ono anasiya kutafuna buledi.

"Tiona," ndinatero.

Ana obadwira kuno angalephere kuyankha m'Chichewa, koma "tiona" wa mayi amamudziwa bwino. Ndi ayi wovala chitenje.

Ndinali ndi chifukwa changa. Mkazi woti chaka sichinathe chimwalirire mwamuna wake, akakwere ndege kokasangalala? Chithunzi chimodzi chitafika kumudzi, anthu akanati ndinkangodikira kuti afe. Nditamunong'oneza za ulendowo mayi wina wakutchalitchi, anagwira pakamwa. "Asisi, musayerekeze n'komwe. Ingozikanselani zimenezo. Akudyani miseche kuyambira kuno mpaka ku Blantyre."

Mwanayo sanafunsenso. Jekete yake anaikankhira pansi pa bedi, ndipo analeka kutchula bambo ake. Akabwera kusukulu ankangolowa kuchipinda n'kutseka. Ndinkaona kuti ndikumutaya, ndinkadziwanso kuti ndiyenera kuchita mantha, koma manthawo ankandifika ngati wailesi ya nyumba yoyandikana nayo.

Loweruka lina mu Novembala, masana, alamu anga anandiimbira foni ya vidiyo. Awa ndi akulu awo a malemu, mlimi wa thonje, munthu wosachedwa pa mawu. Nditayankha ndinaona jekete yofiira. Anali ataima pansi pa mtengo dzuwa lili pamutu, zipi atakoka mpaka kukhosi, thukuta lili chuchuchu. Mapewa anali omwewo a amuna anga, kaimidwe komweko. Ndinakhala pampando.

"Alamu, zovala tagawana dzulo, ine yanga ndi iyi," anatero. "Koma ndati ndifunse. Mng'ono wangayu ankapita nayo kuti? Ndangoivala kumene, ndatsala pang'ono kupsa."

Ndisanayankhe anapisa manja m'matumba n'kutulutsa timagolovesi, tina tobiriwira, tina ta mizeremizere. Tonse tinali ta ana. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anagula.

Ndinawafotokozera za chilumbacho, za lonjezo, za mpunga wa m'sutikesi. Ndinalankhula mmene ndimaperekera lipoti kwa mnzanga wolowa shifiti. Iwo anamvetsera akupukuta nkhope ndi chipewa cha ubweya chija.

"Ndiye anawo akavala chiyani kumanjaku?"

"Alamu, sitipita. Chaka sichinathe."

"Chaka n'cha ife akuluakulu," anatero. "Mwana analonjezedwa ndi bambo ake, ndipo bambo ake atsala ndine. Wofuna kulankhula abwere alankhule ndi ine kuno. Timagolovesiti ndipatsira munthu wobwera uko. Jeketeyi yokha sindibweza."

Atadula foni ndinapeza mwana wamkazi ataima pakhomo la khitchini. Anali atamva zonse. Ndinatenga kompyuta ya bambo ake, imene inali isanatsegulidwe chimwalirire iwo, n'kuiika patebulo. Iye anabwera kudzaima kumbuyo kwanga.

Tsamba la ndege linali mmene analisiyira: akuluakulu awiri, ana awiri. Ndinaliyang'ana kanthawi. Kenako ndinadina pochotsera, akuluakulu awiri aja n'kusanduka mmodzi. Mtengo unatsika pomwepo, kutsika kumene iwo anakudikira miyezi yonse ija osakuona.

Mwanayo anaika chibwano paphewa langa. Analankhula m'Chichewa chake chopunduka, chimene ankasungira agogo ake okha pafoni.

"Adadi akanati tidikire kaye."

Ndinayamba kuseka, koma chisekocho sichinathere mmene chinayambira. Ndinalira koyamba, pamenepo patebulo, masana dzuwa likuwala, mpaka zilembo zinasiya kuoneka. Matikitiwo anadina ndi mwanayo, atatu.