Ndinaika M'manda Munthu Wamoyo Chifukwa cha Mikanda

Ndinaikitsa maliro a munthu wamoyo. Sindinaphe munthu ndipo palibe khoti limene linandizengapo mlandu, koma kufupi ndi Chiparamba kuli manda amene mtanda wake uli ndi dzina lolakwika, ndipo amene anachititsa zimenezo ndine. Inu owerenga amene muli ndi mtima wofuna kuthandiza komanso mapazi oyabwa ngati anga, imvani kaye zanga musanakwere njinga.

Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kumeneko. Bambo anga anali kalaliki wa kumishoni, ndipo anatilera ndi chikhulupiriro chakuti chinthu chikalembedwa papepala ndiye kuti ndi choona. Ndisabise, ndinali wodzimva. Ndikamadutsa m'mudzi amayi ankapatuka n'kunyonyomala, amvekere "Wawa aticha," ine n'kumayesa kuti akugwadira nzeru zanga.

Chaka cha chilala chija cha 1992, pamene tinkadya ufa wachikasu, mitsinje inauma gwaa. Amuna a m'mudzi woyandikana ndi sukulu ankakumba mumchenga wa mtsinje kufuna madzi, ndipo tsiku lina khasu linagunda chibade cha munthu. Apolisi anabwera, anatola mafupa onse, n'kunena kuti anali a munthu wamkazi amene anafa zaka zingapo m'mbuyomo. Anapita nawo kumotchale ku Chipata. Anafunsafunsa m'midzi, mwini maliro sanapezeke, ndipo nkhaniyo inazizira.

Kwa ine sinazizire ayi. Ndikamalemba masamu pabolodi maganizo anali kumtsinje. Ndinkadzifunsa kuti munthu wobadwa kwa mayi angathe bwanji kugona m'katoni wopanda dzina ngati mbuzi yofera kutchire. Loweruka lina ndinatenga sefa wa mkazi wanga n'kukasefa mchenga wa pamalopo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinapeza mikanda yodzaza chikhatho, yofiira, yoyera ndi yakuda, ija amayi amavala m'chiuno. Ulusi wake unali utaola kale, choncho ndinaitunganso ndekha momwe ndinaonera kuti ikukongola.

Mkazi wanga atandipeza ndikutunga, anagwira pakamwa. Anandiuza kuti mikanda ya m'chiuno sagwira mwamuna wapadera, ndipo ngati ndikufunadi kufufuza ndim'patse iye, akayende nayo ndi amayi anzake a chigwirizano, akafunse mwachinsinsi monga amafunsirana akazi okhaokha. Ndinam'seka. Ndinati kufufuza sikudziwa manyazi, ndipo ntchito imeneyi si ya anthu amene anathawa sukulu ali giredi sikisi. Sefa uja anakam'taya kudzala.

Kwa miyezi yambiri Loweruka lililonse ndinali panjinga, kope la mizere lili m'thumba, kulemba mayina a akazi amene anasowa. Mudzadabwa kuchuluka kwa anthu amene amangochoka pakhomo osabwerera. Anthu anayamba kunditcha a Siaidi, ngati apolisi ofufuza milandu aja, ena mondinyoza, koma ine dzinalo linkandikomera ngati nzimbe. Pa mwambo wa Angoni wa Ncwala chaka chotsatira ndinapita ku Mtenguleni. Anzanga akuonerera ngoma, ine ndinali kumbuyo kwa khamu kufunsa anthu ogulitsa malonda ngati kwawo kunasowa munthu.

Kumeneko ndi kumene mayi wina wogulitsa thobwa anandiuza za Enelesi, mwana mmodzi yekhayo wa a Nambewe, mayi wamasiye wa m'mudzi wa kumtunda kwa mtsinje womwe uja. Enelesi anachoka m'mawa wina atakangana ndi mwamuna wake Lakisoni, ndipo panali patatha zaka zisanu osamveka. A Nambewe sanaleke kumudikira. Nyumba ya mwana wawoyo ankaisesa ndi kuizira ngati muli munthu. Akakolola ankapatula dengu la mtedza n'kunena kuti ndi la Enelesi. Lole ikangoima pamsewu, ankadzuka pomwe akhala n'kuphimba dzuwa ndi dzanja kuti aone amene akutsika. Nditamva zimenezi ndinagamuliratu mlandu ndisanafike n'komwe pakhomopo.

Ndinafika masana dzuwa lili paliwombo. A Nambewe anali pamphasa pakhonde akutongola chimanga. Lakisoni anali adakali pamudzipo monga mkamwini, kulima thonje m'munda wa apongozi, chifukwa popanda maliro kapena chisudzulo sakanatha kukwatira kwina. Atandiona anakhala patali kuseri kwa nkhokwe, monga achitira mkamwini pamaso pa apongozi ake. Ine ndinam'kodola kuti asendere pafupi. Anakana kawiri, kachitatu anabwera akukoka miyendo n'kukhala chammbali.

Kenaka ndinatsegula envulopu, n'kutulutsa mikanda ija, n'kuitambasula m'mwamba pabwalo poyera. A Nambewe anatembenukira kukhoma, anafunda chitenje kumaso n'kuyamba kulira. Ine mumtima ndinati basi, aizindikira. Ndinawafunsa katatu ngati inali ya mwana wawo. Kachitatuko anayankha nkhope ikadali kukhoma.

"Ngati mwatero ndinu aticha, ife tinganenenji?"

Lakisoni anangoponyako diso pang'ono n'kunena kuti ndi yomweyo. Ndinalemba m'kope muja kuti mayi wazindikira, mwamuna wazindikira. Ndinapalasa njinga kubwerera kwathu ndikuimba nyimbo ya chitsitsimutso.

Wapolisi wina wachikulire ku Chipata anandichenjeza. Anati mikanda yotero amagulitsa pamsika wa Kapata poyeza ndi supuni, ndipo theka la akazi a m'boma lino avala yomweyo, ndiye ndiyende pang'onopang'ono. Koma ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinabwererako katatu ndi mapepala olembedwa m'Chingerezi chosalala, a Nambewe ndi Lakisoni atadindapo zala. Popeza abale anali atavomera, mafupa aja anaperekedwa.

Maliro anali aakulu ngakhale bokosi linali laling'ono. Akatekisiti anapempherera, amayi a mpingo anaimba, ndipo ine, wa mpingo wina, anandipatsa mwayi wolankhula. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa aliyense. Dzina la pamtanda ndinalemba ndekha ndi penti yoyera yotsala pokonza sukulu. Atameta, Lakisoni anasudzulidwa, ndipo mvula isanagwe anali atakwatira kale kumudzi wina. A Nambewe analeka kusesa nyumba ija mpaka denga linagwera m'kati. Lole ikaima sankadzukanso. Ine ndinkauza anthu kuti mayi uja tsopano wapeza mtendere.

Patatha chaka, tsiku lina ndikutuluka m'kalasi nthawi yopuma, ndinapeza a Nambewe atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pambali. Anali atayenda okha mtunda wonsewo. Anandiuza kuti mwamuna wina wa geni, amene ankaoloka malire kukagula nsomba zouma, ananena kuti anaona mayi wofanana ndi Enelesi akugulitsa tomato pamsika wa Mchinji. Anandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo chiikire maliro aja.

"Aticha, ndipite ndikaone?"

Inu owerenga, apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Zina zonsezo munganene kuti kunali kuphonya, koma apa ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ngati Enelesi anali moyo ndiye kuti a Siaidi anali chitsiru, ndipo boma lonse likanaseka. Ndinawayankha mokweza kuti aphunzitsi anzanga amve.

"Amama, akufa sagulitsa tomato. Musamamvere za anthu oledzera."

Anawomba m'manja pang'onopang'ono, anati zikomo aticha, n'kutola ndodo yawo. Ku Mchinji si kutali. Munthu ukanyamuka m'mawa, masana umakhala uli pamsika. Ine amene ndinatha matayala awiri kuthamangira mafupa, ndinalephera kutaya Loweruka limodzi kuthamangira munthu wamoyo. A Nambewe anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndipo anawaika pambali pa mtanda uja monga anapemphera okha.

Enelesi anafika mu 1996, anthu atangogulitsa thonje. Anatsika lole pamsewu paja, mwana ali kumsana. Amayi amene anali pachitsime anataya ndowa n'kuthawa akukuwa kuti mzukwa. Amene analimba mtima n'kumugwira dzanja anali a Tereza, mng'ono wawo wa a Nambewe. Tsiku lachitatu anatuma uthenga kuti ndipite. Ndinayesa kudwala, koma mkazi wanga ananditulutsira yekha njinga, n'kunena kuti tipitira limodzi.

Tinawapeza atakhala pakhonde, amayi okhaokha. Palibe amene ananditcha aticha tsiku limenelo. A Tereza ndi amene anayamba, ndipo sanakweze mawu.

"Achemwali anga mikanda ija sanaiyang'ane, ngakhale kamodzi. Akanaiyang'ana bwanji? Mwamuna mwatambasula za m'chiuno mwa mwana wawo pabwalo, mkamwini ali pomwepo. Misozi ija inali ya manyazi. Inu munabadwira kuti, bambo?"

Anapitiriza kuti a Nambewe anawaululira zimenezi akudwala. Ankati munthu wophunzira sangayende mtunda wonsewo kudzanama, ndiye ngati aticha atero, ndi momwemo. Za Lakisoni sanafune n'kutchula komwe. Aliyense ankadziwa kuti munthu uja akanavomera ngakhale ndikanamuonetsa chingwe cha mbuzi, bola amasuke.

Enelesi nthawi yonseyi ankayamwitsa mwana. Kenaka anagwira m'chiuno mwake pamwamba pa chitenje.

"Yanga ili pompano. Anatunga amama okha, sinadukepo."

Anafotokoza kuti anathawa nkhonya za Lakisoni, anakagwira ganyu m'minda ya fodya, ndipo manyazi anam'tsekera njira yobwerera. Kulemba sankadziwa. Mwamuna wa geni uja anam'tuma ndi iyeyo, kuti akauze amama kuti ali moyo, ndipo ngati am'khululukira atumize mawu. Munthuyo atafika n'kumva kuti kuli manda a Enelesi, anachita mantha, n'kungonena kuti anaona wofanana naye. Enelesi anadikira pamsika paja, maso kunjira. Palibe anabwera. Anaganiza kuti amake am'taya, ndipo anakhalanso zaka ziwiri asanalimbe mtima.

Ndinafuna nthaka itang'ambika. Ndinagwada pafumbi, ine mwana wa kalaliki, n'kunena kuti ndipita lero lomwe kukafufuta dzina lija pamtanda. Enelesi anapukusa mutu.

"Lisiyeni. Amama anagona akudziwa kuti ali pambali pa mwana wawo. Ndiponso uyo wagonayo, mukam'landa dzina langa mum'patsa liti?"

Mtandawo ndinausiya momwemo. Ndinakauza apolisi zonse, koma za mayi wa mumtsinje uja palibe chinadziwikanso. Mikanda yake tinaiika m'bokosi momwemo, itatungidwa mwa nzeru zanga, kotero kuti ngakhale mayi ake enieni akanabwera sakanaizindikira. Ndinalakwira amayi awiri, wina ndinkam'dziwa, wina sindidzam'dziwa.

Inu owerenga, sindikunena kuti mafupa opanda dzina tiziwasiya. Munthu aliyense ali ndi kwawo, ndipo kufunafuna ndi ntchito yabwino. Koma mukapeza kanthu, kaperekeni kwa eni ntchito momwe mwakapezera, osakakonza. Za akazi azifunsa akazi. Munthu wakumudzi akakuyankhani kuti mwatero ndinu, sanavomere, wangokupatsani ulemu, ndipo ulemu si umboni. Koposa zonse, wina akabwera ndi mawu otsutsa zimene munagamula, thamangirani mawu amenewo kuposa mmene munathamangira oyamba aja. Kusekedwa kumatha, anthu amaiwala pakatha mwezi. Ine ndinakana kusekedwa mwezi umodzi, ndipo a Nambewe anafa mwana wawo ali moyo kuseri kwa malire.

Mwezi wa Novembala, pamene Akatolika amakalambula kumanda, Enelesi amapita ndi khasu lake. Amalambula manda a amake, kenaka amalambula ena aja olembedwa dzina lake ndi dzanja langa. Ine ndinapempha kuti andisamutse sukulu, koma sizinathandize. Kope lija ndikadali nalo, ndipo sinditha kukhala pampando nthawi yaitali. Lole ikaima pamsewu, amene amadzuka n'kuphimba dzuwa ndi dzanja tsopano ndine, kuopa kuti akutsikayo ndi mayi wina wokalamba amene wabwera kudzafunsa za mwana wake.