Ndinachotsetsa Mnzanga Ntchito Chifukwa cha Khadi la pa Chitseko

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa ntchito munthu amene sanandilakwire kanthu. Sindinamunamizire ayi. Zonse zimene ndinakanena kwa abwana ndinaziona ndi maso angawa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Ndalemba kuti wina wa inu asadzapuse monga ndinapusira ine.

Ndimakhala ku Kanakantapa, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikukonza zipinda pa loji ina ya m'mbali mwa msewu waukulu kuno ku Chongwe. Alendo athu ambiri ndi a m'boma ndi a m'mabungwe ochokera ku Lusaka, aja amabwera kumisonkhano Lolemba n'kubwerera Lachisanu. Kale okonza zipinda tinalipo asanu ndi mmodzi. Chipinda chilichonse chokhala ndi mlendo tinkalowamo tsiku ndi tsiku, kuyala bedi, kusintha matawulo, kukolopa, kutsuka bafa ndi chimbudzi, kutaya zinyalala. Ntchito inali yambiri koma yopepuka, poti chipinda chimene wakonza dzulo sichikuvuta lero.

Kenaka kunabwera makhadi. Anali obiriwira, ojambulidwa mtengo, ndipo m'chipinda chilichonse anaikamo limodzi. Ba manijala anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti mlendo akakoloweka khadilo kunja kwa chitseko, ndiye kuti sakufuna kumukonzera tsiku limenelo, tisalowe. Akuti n'kusamala madzi, sopo ndi magetsi. Ife mpaka tinaomba m'manja, opusa ife, poganiza kuti misana yathu ipumako! Chaka chisanathe anzathu anayi anali atauzidwa kuti akhale kaye kunyumba adzaitanidwa. Mpaka lero sanaitanidwe.

Tinatsala awiri, ine ndi Amake Chipo. Mayi ameneyu amakhala ku Palabana, ndi wamkulu kwa ine pang'ono, wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula. Ine ndiye ayi, ndivomere, pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndikamva nkhani m'mawa, pofika masana ndauza wophika, mlonda ndi wochapa. Komabe tinkagwirizana. Chakudya chamasana tinkadyera pamodzi pa benchi la kuseri kwa nyumba yochapira, ndipo Lolemba lililonse ankandibweretsera botolo la mkaka wa ng'ombe zawo.

Ba manijala anatigawira zipinda. Ine khumi za kufupi ndi holo ya misonkhano, Amake Chipo khumi za kufupi ndi geti. M'mawa uliwonse cha m'ma eyiti ba manijala ankadutsa m'makhonde onse awiri kuona zitseko zimene zilibe makhadi. Zako zikachepa, ankakuuza kuti ukamaliza uzipita, tsiku limenelo ulandira malipiro a theka. Ndiye tsiku lina anangonena poyera kuti ntchito yatsalayi ndi ya munthu mmodzi, mwezi ukatha aona kuti asunga ndani. Ine ndili ndi mwana wamkazi kusekondale, bambo wake anamwalira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga zitseko. Kwanga makhadi anayi, kwa Amake Chipo limodzi. Mawa lake kwanga asanu, kwawo kulibiretu. Sabata yonse zinali choncho. Ndinadzifunsa kuti kodi alendo odana ndi ukhondo onse amagwera kwa ine ndekha bwanji?

Apa m'pamene maganizo oipa anandilowa. Ine ndimafika pantchito mochedwerapo, chifukwa minibasi ya ku Kanakantapa sinyamuka isanadzaze, ndipo msewu wafumbi uja mukuudziwa. Amake Chipo amapalasa njinga, ankafika ine ndisanafike, nthawi imene alendo apita kukadya chakudya cham'mawa. M'makhonde mumakhala zii, mulibe munthu. Ndinati mumtima, kodi mayi ameneyu amachita chiyani yekhayekha nthawi yonseyo?

Munthu ukayamba kukayikira mnzako, chilichonse chimene wachita chimaoneka ngati umboni. Ndikangofika ankandifunsa kuti, “Ba sisi, lero mwapeza zitseko zingati?” Kale ndikanati akundidera nkhawa. Tsopano ndinkati akufuna amve ngati msampha wake wagwira. Ndinaona kuti thumba la epuloni yawo limakhala lotupa m'mawa, ndipo akawerama ankaligwira ndi dzanja. Ndikawapeza m'khonde langa ankadzidzimuka, n'kunena kuti amafuna mopu. Mopu wanji, wawo ali nawo? Ngakhale mkaka uja ndinayamba kuuopa. Ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, kenaka n'kukautaya m'ngalande ya kuseri. Ndinkati mwina athiramo zoti ndizipusa, ndisamaone zimene akuchita. Ndikuchita manyazi polemba izi, koma ndi mmene ndinalili.

Lachinayi lina masana, cha m'ma fili koloko, ndinabwerera kukhonde langa kukatenga bulashi imene ndinaiwala. Ndisanakhote pakona ndinawaona Amake Chipo. Anaima pa chitseko cha nambala seveni, chipinda changa, chimene ndinali nditakonza m'mawa womwewo. Anayang'ana uku ndi uku, anapisa dzanja m'epuloni, anatulutsa khadi lobiriwira n'kulikoloweka. Anasuntha, nambala naini, chimodzimodzi. Kenaka nambala teni. Mayo ine! Ndinati basi ndawagwira, akukoloweka lero kuti mawa ba manijala adzapeze khonde langa lili lotsekatseka.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinalakwa. Panali masitepe khumi okha pakati pa ine ndi mayi ameneyo. Ndikanangotuluka pakonapo n'kufunsa kuti mukuchita chiyani. Sindinatero. Ndinabwerera chakumbuyo mwakachetechete, mtima ukuti ukawafunsa akunamiza, anthu ofatsa ndiwo oopsa. Madzulo amenewo ndinauza mlonda, ndinauza wophika, ndinauzanso amayi awiri mu minibasi amene sadziwa n'komwe kumene kuli lojiyo. Mwiniwake yekha ndi amene sindinamuuze.

Mawa lake masana tinakhala pa benchi lathu lija. Anabweretsa mbatata yophika, anandinyemera yaikulu, ndinadya. Tinakamba za mvula imene inkachedwa. Nditasamba m'manja ndinalunjika ku ofesi.

Ba manijala anamvetsera osandidula. Kenaka anatuma kuti Amake Chipo abwere. Analowa akupukuta manja pa epuloni, ataona nkhope yanga anaima. Atafunsidwa ngati n'zoona kuti dzulo anakoloweka makhadi pa zitseko za khonde langa, sanakane. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, “Ni zoona bwana. Koma ninali kubweza pamene ninachotsa.”

Anafotokoza pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Akuti m'mawa alendo akapita kukadya, makhadi ku khonde langa amakhala pafupifupi chitseko chilichonse. Iwo ankachotsa atatu kapena anayi n'kubisa m'epuloni, kuti ine ndikafika ndipeze zipinda zokonza ndiponso ba manijala asandibweze masana. Alendo asanatuluke mu holo madzulo, ankakabwezera khadi lililonse pa chitseko chake. Mlendo akapeza bedi loyala sadandaula, amangoti mwina analakwitsa okonza.

Ba manijala anapsa mtima kuposa mmene ndinkayembekezera. Anati zimenezo ndiye zoipa kwambiri, kulowetsa munthu m'chipinda chimene mlendo wakana, nanga kukanasowa foni kapena kompyuta akanayankha ndani? Anawauza kuti avule epuloni, asiye makiyi pa tebulo. Amake Chipo anavula, anapinda bwinobwino, anaika makiyi pamwamba n'kutuluka.

Mukuganiza kuti ndinalira pamenepo? Ayi ndithu. Ndinatuluka mu ofesi muja ndikuti taonani kuchenjera kwake, wagwidwa ndiye wapeka nkhani yoti aoneke mngelo. Lamulungu tsiku lonse ndinali kutchalitchi ndikuthokoza Mulungu kuti wandionetsa mdani wanga.

Lolemba alendo atsopano anafika. Lachiwiri m'mawa ndinakhota pakona paja, ndinangoti kakasi. Zitseko zisanu ndi zitatu mwa khumi zinali ndi makhadi. Lachitatu zisanu ndi zinayi. Amake Chipo kunalibe, anali kwawo ku Palabana. Nanga tsopano ankakoloweka ndani?

Ndinapita kwa mtsikana wolandira alendo kukamufunsa, chinthu chimene ndikanachita kalekale. Anaseka, anati kodi simudziwa? Alendo a misonkhano onse amawaika kufupi ndi holo, ku khonde langa, ndipo powapatsa makiyi amawauza kuti tsiku lililonse limene akoloweka khadi alandira chakumwa chaulere madzulo. Ndani angakane chakumwa chaulere? Kufupi ndi geti amaikako apaulendo ogona tsiku limodzi, oti m'mawa apita, chipinda chiyenera kukonzedwa basi. N'chifukwa chake kwa Amake Chipo makhadi ankasowa. Ntchito yawo inali yotetezeka kale. Wopita kumapeto kwa mwezi ndinali ine, ndipo iwo anaziona zimenezo ine ndisanazione.

Ndinalowa m'kachipinda kosungira matawulo, ndinatseka chitseko, ndinalira ngati pamaliro. Ndinakumbukira mkaka wonse umene ndinataya m'ngalande. Ndinabwerera kwa ba manijala kukapempha kuti awabweze, ndinagwada pansi. Anati nkhaniyo inatha, ndipo ndithokoze kuti ine sanandichotse poti ndine ndinkalowa m'zipindazo.

Lachisanu ndi pamene ndinadziwa chimene makhadi aja amatanthauza kwa munthu wotsala yekha. Alendo onse anachoka nthawi imodzi, ena akubwera madzulo omwewo. Chipinda chimene sichinakonzedwe masiku anayi si chipinda, abale. Matawulo onyowa aunjikidwa pansi ayamba kununkha, mafupa a nkhuku m'mapepala nyerere zili nyomi, bafa lachita mzere wakuda woti ukweche mpaka mapewa aphwanyike, chimbudzi ndiye ndisanene. Madzi ndi sopo amene amati tikusunga aja ndinathira tsiku limodzi. Zipinda makumi awiri, munthu mmodzi. Pofika kunyumba msana sunkawongoka, mwana wanga ndiye anandivula nsapato. Posakhalitsa ba manijala anandiuza kuti pakati pa sabata palibe chokonza chokwanira, ndizibwera Lolemba, Lachisanu ndi Loweruka basi.

Panapita milungu itatu ndisanalimbe mtima kupita ku Palabana. Ndinawapeza pabwalo akutsuka zigubu za mkaka, zidzukulu ziwiri zikusewera pafupi. Anandipatsa mpando, anandifunsa za mwana wanga, za msana. Ine ndinatsika pampandopo n'kugwada m'fumbi, ndinapepesa misozi ili chuchuchu. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze kuyambira pachiyambi.

Anati, “Ba sisi, imwe nikuziwani. Sembe ninakuuzani m'mawa, masana loji yonse yamva. Futi ninafuna kuti vikaipa, imwe mukambe zoona kuti simunaziwe kanthu.”

Anatsuka chigubu china. Kenaka anati, “Kunineneza sikunanibabe maningi. Chinanibaba mumtima ni mbatata ija. Munadya na ine, muziwa kale kwamene muyenda.”

Anati anandikhululukira kalekale ndipo amandipempherera, koma ndisadzabwerenso pakhomo pawo, chifukwa amuna awo ndi ana awo akudziwa amene anachotsetsa mayi wawo ntchito, ndipo iwo sangawaletse kulankhula. Anandiperekeza mpaka pamsewu, anabwerera minibasi isanafike.

Inu amene mumagwira ntchito ndi anzanu, makamaka nthawi ino imene mabwana akuchepetsa anthu, chenjerani ndi mtima umene umabwera akakuuzani kuti pa awirinu patsala mmodzi. Tsiku lomwelo mnzako amayamba kuoneka ngati mfiti, pamene amene wabweretsa vutolo ali phee mu ofesi. Mukaona mnzanu akuchita chinthu chosamveka, mufunseni iyeyo musanauze wina aliyense, ngakhale mutaona ndi maso anu. Akakunamizani mudzadziwa pambuyo pake, ofesi sithawa. Koma mukayamba ndi ofesi, mawu anu simungakawatengenso.

Nanunso amene mumagona m'mahotelo ndi m'maloji, sindikuti khadi lija ndi tchimo, chipinda ndi chanu mwalipira. Ndikungopempha kuti polikoloweka mudziwe kuti kuseri kwa chitsekocho kuli mayi amene akuwerenga zitseko, ndipo zikachepa abwezedwa kunyumba. Ngati mukhala masiku anayi, mulekeni alowe ngakhale kawiri.

Ine ntchito ndinaisunga, ya masiku atatu pa sabata. Munthu amene ankaika ntchito yake pangozi m'mawa uliwonse kuti ine ndisachotsedwe, ndinamuchotsetsa ndine, ndipo mpaka lero sanapeze ina.