Mmene Anatizungulitsira Mzimba Tikudikira Mkwati

Basi ya ku Mzimba inanyamuka pa depoti ya Lilongwe Lachinayi m'mamawa, kukuzizira koti zala osapindika. Tinalipo atatu: ine, mng'ono wanga Esinati amene ankakakwatiwa, ndi malume athu a Filimoni, omwe anali ankhoswe. Kwathu ku Dedza tinachoka dzulo lake n'kugona kwa achibale ku Kawale. Amayi anatsala chifukwa cha mwendo, ndipo abale ena atamva kuti tikiti ndi makwacha asanu ndi atatu anati nyama ya ukwati angoimva kwa ife. Pachipata cha depoti panali anyamata a chipani oona makhadi. Malume anatulutsa lawo monyadira ngati satifiketi ya sukulu, n'kulibwezera m'thumba la pamtima.

Mkwati anali Wongani, mphunzitsi. Anaphunzitsako kwathu asanamubwezere kwawo kumpoto, munthu wamtali woti polowa m'nyumba mwathu ankachita kuwerama, ndipo akaseka mudzi wonse unkadziwa kuti wafika. Abale ake atabwera kudzafunsira mbeta anagula ng'ombe ziwiri n'kuzisiya m'manja mwa malume. Kwathu zoterozo sitizidziwa, mwamuna amangobwera kudzamanga nyumba kuseri kwa apongozi. Malume anangoti anthu akumpoto ndi opatsa. Imodzi anagulitsa n'kukhomera malata nyumba yawo, inayo ankaikoketsa ngolo.

Pa Kasungu tinaima cha m'ma teni. Tinamwa tiyi wamkaka ndi masikono ouma oti ukagenda galu angakasume kwa mfumu. Pafupi ndi ine panakhala bambo wina wa ku Mulanje wogwira ntchito yocheka matabwa m'nkhalango ya paini ya ku Viphya, wolongolola kuposa ine, zomwe sizichitikachitika. Anandiuza kuti ndisakachoke ku Mzimba osalawa uchi ndi mkaka wowawasa womwe kumeneko amati amasi.

"Nanga ukwatiwo ndi wa yani, mayi?"

Ndinatchula dzina la Wongani ndi sukulu yake. Bambo uja anangoti, "Oho." Anayamba kuyang'ana pawindo ngati mitengo ya tsanya akuiona koyamba. Titaima pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu, ndipo pokweranso iye anakakhala kumbuyo kwenikweni, pa matumba a nyemba. Ndinadzinunkhiza m'khwapa, poganiza kuti mwina vuto ndi ine.

Tinalowa mu Mzimba dzuwa litapendeka. Ndi tauni yaing'ono, msewu umodzi waukulu, masitolo a makonde ataliatali, fumbi ndi mphepo yolowa m'mafupa. Wongani anali atalonjeza kuti tidzamupeza pa depoti. M'malo mwake panabwera mayi wachikulire wowonda, atafunda bulangete, n'kugwada pamaso pa malume. Anati ndi Anyatembo, azakhali ake a Wongani.

"Monire asebele. Mwayenda uli?" anatilonjera m'Chitumbuka.

"Tayenda bwino," ndinayankha ine malume asanatsegule pakamwa. "Wongani ali kuti?"

"Ali pa ulendo. Mbwenu tiyeni mukapumule."

Munthu ukwati wake uli mkuja, ulendo wanji? Ndinafuna kufunsanso koma Esinati ananditsina. Anatiperekeza ku nyumba yogona alendo kuseri kwa msika, chipinda cha kwacha imodzi, mabulangete onunkha palafini. Mng'ono wanga sanadye.

Lachisanu m'mawa Anyatembo anatipeza tikusukusula. "Lero muone Boma yithu," anatero. "Alendo a ukwati sakhala m'nyumba." Ine ndinkayesa tipita kumudzi kukathandiza kusinja ndi kutunga madzi, koma mlendo satsutsa, tinawatsatira.

Tinayambira kumsika. Inu amene simunafikeko, msika wa Mzimba nthawi yozizira uli ndi zinthu. Bowa wofutsa m'malichero, mawere ofiira, mbatata zazikulu ngati mutu wa mwana, uchi wakuda m'mabotolo otsekera chitsononkho. Anyatembo anatigulira chindongwa, lomwe ndi thobwa lawo, koma lolemera ndi lotsekemera kuposa lathu, ndipo malume anamwa zipanda ziwiri n'kupukuta ndevu. Chimene chinandidabwitsa ndi amayi ogulitsa. Akauzidwa kuti uyu ndiye mkwatibwi, palibe ankalulutira. Ankamugwira Esinati dzanja ndi manja awiri, nthawi yaitali, akulankhula chapansipansi, maso ali pansi. Kwathu moni wotero timapereka pa siwa. Mayi wina anamupatsa botolo la uchi n'kukana ndalama.

Kuchoka apo anationetsa chipatala, tili panja. Anationetsa tchalitchi, bwalo la mpira, ngakhale chigayo, ngati ku Dedza timagayira m'kamwa. Pofika pa maofesi a boma, pomwe panali mbendera ndi galimoto ziwiri zobiriwira, Anyatembo anawoloka msewu n'kuyenda mbali inayo, akuseka mokweza nkhani yomwe panalibe anainena. Titangodutsa, kuseka kuja kunathera pomwepo.

Masana tinadya pa lesitilanti ya mayi wina wonenepa pafupi ndi depoti: mpunga, nyama ya ng'ombe yofewa yoti mano sagwira ntchito, ndi amasi m'kapu yachitsulo. Anyatembo anasankha tebulo la pakhonde, poonekera aliyense, mphepo ikutiomba. Malume, nyama itawafika pamtima, anakweza mawu. "Koma mkamwini wathu Wongani amadya bwino kuno eti." M'lesitilanti monse munangoti zii. Supuni zinaima. Bambo wina anasiya mbale yake ili yodzaza, analipira n'kutuluka. Mwini lesitilanti anakweza wailesi.

Pamenepo mantha anandigwira enieni. Tinadutsa pa situdiyo yojambula zithunzi, pomwe Esinati anaima chifukwa Wongani anamuuzapo kuti chithunzi chake chili pagalasi pamenepo. Panali zithunzi za maukwati, za ana, za asilikali. Pakati penipeni panali malo opanda kanthu, pepala loyera kuposa linzake, timisomali tinayi tili pomwepo. Esinati anayang'ana malowo kwa kanthawi n'kupitiriza kuyenda.

Chakumadzulo Anyatembo anati tikatenge suti ya mkwati kwa telala, bambo wachisilamu wa kofia yoyera amene ankasokera pakhonde la sitolo. Anyatembo analowa m'sitolo ndi Esinati ndi malume kukaona zitenje, ine ndinatsala panja. Telala uja anali akupinda miyendo ya buluku lakuda. Anapinda kamodzi, n'kupindanso, mpaka kuchotsa utali wa chikhatho changa chonse. Manja a jekete anali atafupikitsa kale.

"Bambo, mukuononga suti. Mwini wakeyo ndi wamtali, ndimamudziwa."

"Ndinamuyeza ndine," anatero osadzutsa mutu.

"Nanga mukuidula bwanji?"

Anayang'ana kumanja ndi kumanzere. Kenaka anayamba kupalasa makina mwamphamvu, pansi pa singano palibe nsalu, kuti phokoso litiphimbe. "Avala ndi mng'ono wake. Lolemba kunabwera galimoto kusukulu, ana ali m'kalasi. Anamutenga choko chili m'manja. Akuti analankhula china chake pa mowa, kaya n'chiyani. Ine sindinakuuzeni kanthu, mayi." Anasiya kupalasa n'kundifunsa mokweza ngati ku Dedza mbatata yachita bwino chaka chino.

Masiku amenewo munthu akatengedwa choncho sunkafunsa kuti ali kuti kapena abwera liti. Ena ankabwera patapita zaka, ena ayi. Zimenezo ndinkazidziwa, koma ine pakamwa panga sipamangika. Ndinapirira mpaka Anyatembo atatifikitsa pa mlatho wa mtsinje wa Mzimba, pomwe anati alendo onse amakaonapo madzi. Panalibe munthu pafupi, ng'ombe zokha zikumwa kumunsi.

"Amama, mwatizungulitsa tsiku lonse ngati ana a sukulu. Mwatimwetsa thobwa, mwatidyetsa nyama, chonsecho Wongani anatengedwa Lolemba. Mumafuna tidziwe liti? Mwana wathu atakhala kale pa mphasa?"

Malume anagwira chitsulo cha mlatho. Anyatembo sanakane, ndipo sanandiyang'ane. Ankayang'ana madzi.

"Nimafuna anthu akuoneni mukudya," anatero m'Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. "Alendo a ukwati amadya, amagula, amaseka. Tikaimitsa ukwati ndiye kuti tikulira, ndipo olira munthu wotengedwa amawatsatira. Kunyumba kuli anyamata ena awiri. Zakutchalitchi abusa akuti zidikire mwiniwake. Koma zakumudzi zichitika, mng'ono wake Dokiso akhala pa mpando m'malo mwake, kuti mkamwana alowe pakhomo."

"Ayi, pepani asewere," anatero malume. "Mawa tibwerera ndi mwana wathu. Wongani akadzabwera adzamupeza kwathu."

Apa m'pamene Anyatembo anatembenuka. "Mwana winu? Asebele, ng'ombe munalandira."

"Zija si zinali mphatso?"

"Mphatso ya vichi? Kuno ng'ombe zikalowa m'khola la kwa mkazi, mkaziyo ndi wa pakhomo pathu, mwamuna alipo kaya palibe. Mukafuna kumutenga, ng'ombe zibwere, madoda, akuluakulu a mudzi, akhale pansi, ndipo aliyense afunse chifukwa chake. Chifukwacho atchule ndani?"

Malume ndinawaona akuganiza za malata aja. Ine mtima unandipsa moti ndikanatha kuwakankhira m'madzi onse awiri, wina chifukwa cholandira zinthu osafunsa, wina chifukwa chopereka osafotokoza. Ndinagwira Esinati pamkono. "Tiye. Ng'ombe tidzabweza, ngakhale tigulitse munda. Sungakwatiwe ndi jekete."

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono. "Achemwali, ine ndinadziwa dzulo pa depoti. Wongani sakanalephera kubwera." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Akadzamutulutsa adzafikira kuno, kwa amayi ake. Ndikufuna adzandipeze. Sindikukhalira ng'ombe ayi."

Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamutchulira mwendo wa amayi. Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ndine, koma tsiku limenelo ndinalephera kumusuntha.

Loweruka m'mawa tinakwera lole yonyamula fodya yopita cha ku Edingeni, matambala makumi asanu munthu mmodzi. Msewu ndi wafumbi, wodutsa m'minda yokololedwa ndi m'makola a ng'ombe zanyanga zazitali. Tinafika tonse tili ofiira ngati njerwa, ndipo amayi a pamudzipo anamutenga Esinati kukamusambitsa.

Ukwati wokongola chonchija sindinauonenso, ndipo sindifuna kudzauonanso. Anapha ng'ombe. Amuna anavina gule wa ingoma atanyamula zishango, akuponda pansi mpaka nthaka kumanjenjemera m'mapazi mwathu. Dokiso anakhala pa mpando atavala suti ija, mapewa akulendewera, patali ndi Esinati moti pakati pawo pakanakhala munthu wina. Sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Mayi ake a Wongani anavina kutsogolo kwa onse, akumwetulira, maso ali gwa ngati a munthu wodwala malungo. Tsiku lonse, m'nyimbo, m'malangizo, m'mapemphero, dzina la mkwati silinatchulidwe. Ankangoti "mwana withu".

Pansi pa mtengo wa mango panakhala bambo wina wa magalasi akuda amene panalibe ankamudziwa. Anabwera pa njinga yamoto. Ndi iyeyo amene anayamba kulandira mbale, ya chiwindi, ndipo atadya anaomba m'manja mwaulemu n'kumapita dzuwa likadalipo. Atangozimiririka ng'oma zinaleka, popanda wouza mnzake. Anthu anayamba kutola mbale mwakachetechete. Nyama ija inenso ndinadya, inali yokoma, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti inandikomera.

Lamulungu m'mawa ndinapeza Esinati akusesa pabwalo la apongozi ake, atamanga duku ngati mmene amamangira akumeneko. Anatiperekeza mpaka pamsewu. "Amayi mukawauzire kudimba, osati m'nyumba," anatero. Lole itanyamuka sanaimike dzanja. Anangoima, tsache lili m'manja, mpaka fumbi linamuphimba.

Ulendo wobwerera, titaima pa Kasungu malume tiyi anakana. Ine ndinaphunzira kuti tauni yonse ikhoza kudziwa chinthu chimodzi n'kukulandira bwino, kukudyetsa, kukuonetsa chigayo, popanda ndi mmodzi yemwe wokunamiza kapena wokuuza zoona. Poyamba ndinkati ndi nkhanza. Pofika ku Dedza, anthu atadzaza pakhonde kudzamva za ukwati, ndinaona kuti nanenso ndikudziwa kuyankha kuti zonse zinayenda bwino.

Amayi ndinawauzira kudimba mawa lake. Anamvetsera mpaka kumapeto, khasu lili m'manja, osagwetsa msozi. Titabwerera kunyumba anagwira tambala wamng'ono wofiira n'kumumanga kansalu kumwendo, kuti aliyense adziwe kuti ameneyo ndi wodzaphera mkamwini tsiku lomwe adzabwere ndi Esinati kudzawaona. Khirisimasi inadutsa, maliro anagwa, alendo anabwera, koma palibe anamukhudza. Tambala uja anakalamba mpaka kuleka kulira, ndipo anafa yekha m'khola.